Azungu Atatu Akufa Amene Anandilanda Ukingi

Ndikanadziwa, msuweni wanga Agnesi ndikanangomunyamulira chikwama potsika sitima ya pamadzi ku Chipyela, pachilumba pathu pano, osamufunsa kalikonse.

Sukulu ndinaisiya Sitandade 8 (tinasemphana mawu ndi aphunzitsi, iwo ndi amene anayamba), koma mapazi anga ndi ophunzira. N'chifukwa chake gulu lathu lovina malipenga ku Yofu linandisankha kukhala kingi, woyendetsa gulu lonse. Vuto, anyamata samandimvera. Pokonzekera gule aliyense amabwera nthawi yake, pomwe pa Khirisimasi timayenera kukapikisana ndi gulu la ku Khuyu pa bwalo la ku Chipyela. Ndinadziwa kuti zikapitirira chonchi, ukingi wanga watha.

Agnesi amaphunzira zandale ku yunivesite kumtunda. Ine ndimayesa ndale ndi kukuwa pa lole basi.

“Ayi achimwene,” anatero, “alipo akatswiri anaganizira kale vuto lanuli. Wina wa ku Italy anaphunzitsa kuti mtsogoleri akalephera kukondedwa, bola aziopedwa.”

Ameneyo ndinamukonda pompo. Madzulo ake aliyense wochedwa ndinamuzungulitsa mlambe atasenza ng'oma, ine ndikukalipa pambuyo. Kutacha, theka la gulu linapita kukapha usipa.

“Munthu wako uja wandithawitsira anthu!”

“Simunamve zonse. Ananenanso kuti musafike podedwa.”

“Nanga kuopedwa ndi kudedwa malire ake ali pati?”

“Zimenezo tiphunzira chaka chamawa.”

Kenaka anandipatsa wachiwiri, wa ku France. Uyu akuti anaona kuti mphamvu zikaunjikana m'dzanja limodzi zimaola, ndiye zigawidwe patatu, aliyense aziletsa mnzake akalakwa. Mutu unayamba kuwawa, koma ndinagawa. Mayunifolomu ndinapatsa Yakobe. Malipenga enieniwo, a zikho aja, ndinapatsa Barnaba. Ng'oma ndinapereka kwa amalume anga, a Mateyu, amene anagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni. Ndinawauza momveka: “Mnzanu akalakwa, mumuletse.”

Nditagawa ndinadziona m'manja. Munalibe kanthu.

“Agnesi, nanga kingi amagwira chiyani?”

“Funso labwino kwambiri limenelo,” anatero, n'kupitiriza kudya mango.

Tsiku la mpikisano, titatuluka m'tchalitchi, ndinapeza gulu lonse lili pansi pa mlambe, palibe wovala. Yakobe wakhalira chikwama cha mayunifolomu, akuti satulutsa mpaka Barnaba apepese chifukwa anamunena kuti amasita ngati wapondetsa mbuzi. Barnaba wakumbatira thumba la malipenga, akuti satulutsa chifukwa amalume sanawambe ng'oma pamoto. Amalume akhala pa ng'omayo, mwendo pamwamba pa unzake.

“Amalume, nthawi yatha!”

“Unati ndiziletsa wolakwa, mphwanga. Awiriwa alakwa. Ndikuletsa.”

“Koma mukuletsa gule!”

“Ndiye undiuze wekha, ndileke kuletsa kapena ndileke kumvera iwe? Zonse unanena ndiwe.”

Magazi anakwera. Ndinabwerera kwa wa ku Italy uja, ndinakuwa mpaka nkhuku zinathawa. Amalume anangondiyang'ana.

“Ine ndinalowa pansi pa nthaka ku Joni, miyala ikugwa. Ndiope iwe?”

Patali ng'oma ya a ku Khuyu inali itayamba kale kumveka. Ndinathamangira Agnesi, amene amaonerera atakhala pa mwala.

“Ndipatse katswiri wina msanga! Awiri ako aja andipha!”

“Alipo wa ku Girisi wakalekale, analemba za ulamuliro wa anthu ambiri, pomwe onse amasankha okha. Kungoti iyeyo anachenjeza kuti…”

Sindinadikire (ndikudziwa, ndikudziwa). Ndinakwera pa muzu wa mlambe.

“Amene akufuna tipite ku Chipyela tsopano lino akweze dzanja!”

Manja onse m'mwamba, langa lomwe. Mtima unakhala pansi. Ndinati Mgiriki uyu ndiye munthu. Ndili chikwezere dzanja, ndikumwetulira, Yakobe anaimirira.

“Poti tayamba, amene akufuna kingi wina asatsitse.”

Palibe anatsitsa. Ine mawuwo anandifika mochedwa, moti amalume powerenga anawerenga ndi langa lomwe.

“Palibe wotsutsa,” anatero. “Mwini wakenso wavomera.”

Anasankha Barnaba. Nthawi yomweyo chikwama chinatseguka, ng'oma inawambidwa, anthu anavala akuthamanga. Ine ananditsalira kabudula wothina, mzere wakumbuyo. Ndipo chimene chimandiwawa mpaka lero n'chakuti tinavina bwino kuposa zaka zonse. A ku Khuyu anabwerera atagonja.

Pobwerera Agnesi anandipeza panjira, nkhope ili ngwee.

“Mwaona achimwene? Dongosolo lagwira ntchito!”

“Lagwira bwanji? Andichotsa!”

“Ndiye ntchito yake imeneyo.”

Mpaka pano sindikumvetsa kuti wandilakwira ndani mwa azungu atatuwo, ndipo onse anamwalira kale, palibe woti ndikamugwire pakhosi. Barnaba sanamvepo za aliyense wa iwo. Wochedwa amangomufunsa kuti, “Kunyumba kuli bwino?” ndipo anthu akumabwera msanga. Ndinafunsa Agnesi kuti ameneyo akutsatira mzungu wa dziko liti. Akuti afufuza.