Ndinatsuka Nyimbo za Amayi a Kwaya

Sindine wa nkhani zambiri. Koma mukandiona Loweruka ndikuyendetsa pikapu yodzaza amayi akuimba, musaganize kuti ndimakonda kwaya. Ndi chilango.

Ndinali folomani pa galaja ina ku Biwi. Makiyi onse ankakhala m'thumba mwanga: wa geti, wa kosungira zitsulo, ngakhale wa kuchimbudzi. Kenako mwini galaja, Che Saidi, anagula kompyuta. Ankaiyang'anira ndi mwana wawo, Mariamu. Iye anaitchera kuti munthu ukhoza kuika fulashi n'kuona zomwe zilimo, koma kufomata ayi. (Kufomatako ndinkangomva kwa anyamata kuti ndiye mankhwala a fulashi yodwala.)

Zinandiwawa. Mwana amene ndinamuona akukwawa pansi pa malole ali ndi kiyi, ine ndilibe?

"Mariamu, nditsegulire."

"Amalume, mukufuna kufomata chiyani?"

"Palibe."

"Ndiye ndikutsegulireni chifukwa chiyani?"

"Ndine folomani."

Anakana. Ndinakadandaula kwa bambo ake mpaka anatopa nane. "Atsegulire akuluwa, tipumeko," anatero. Mariamu anatsegula uku akunena zinazake zondichenjeza. Ndinati ndamva. (Sindinamve. Ndinkayang'ana ngati anyamata akuona.)

Mkazi wanga amatsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu ku Kawale. Anayeserera dzinja lonse, n'kukajambula nyimbo ku situdiyo ina ku Area 25. Wa situdiyo anaziika pa fulashi kuti amayiwo akapangitse masidi. M'mawa wina mkazi wanga anaimasula pa nsonga ya chitenje n'kundipatsa.

"Bambo a Chifundo, mukaone ngati nyimbo zonse zilimo. Kungoona basi."

Nditafika kugalaja, Mariamu anali atapita m'tauni. Ndinaika fulashi. Panatuluka zolemba zofiira. Chingerezi changa cha kupulayimale chinagwirapo liwu limodzi: vairasi.

Ine ndine makaniko. Chinthu chikada umatsuka. Ndinaizula, kuiuzira ndi kompuresa, kuibwezera. Zofiira zija zili pomwepo. Apo ndinakumbukira kiyi wanga. Ndinadina kufomata. Inandifunsa kenakake. Ndinavomera. (Folomani safunsidwa kawiri.) Kamzere kobiriwira kanathamanga, basi yatha. Ndinasilira. Ntchito yotere pa injini imadya tsiku.

Ndinatsegula kuti ndione nyimbo. Mbee!

Ndinazula, kuikanso. Mbee. Ndinaigwedeza pafupi ndi khutu. Ndinasuzumira kuseri kwa kompyuta, mwina zagwera pansi. Ndinagwada kuti ndione bwino.

Mariamu anandipeza nditagwada pansi pa tebulo.

"Amalume, mwataya chiyani?"

"Nyimbo."

Anayang'ana kompyuta, n'kugwira pakamwa. "Mwafomata?"

"Ndatsuka."

"Zapita, amalume!"

"Kuti?"

"Kulibe kuti. Zangopita."

"Ilibe rivesi?"

Sanaseke. Analimbana nayo masana onse. Chomwe anavuula ndi kachidutswa kamodzi: mayi wina akutsokomola, kenako zii.

Ndinakwera minibasi ya ku Area 25. Wa situdiyo anandiyang'ana ngati ndabwera kudzanena maliro. "Bwana, kuno tinafufuta kale. Malo anatha, kunabwera anyamata a rege."

Kunyumba mkazi wanga anandimvetsera mpaka kumapeto. Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

"Ndinati kungoona," anatero. "Mukawauze nokha."

Lamulungu, mapemphero atatha, ndinaima kutsogolo kwa amayi aja. Ndinafotokoza mwachidule. Kenako mayi wina wachikulire anakonza duku lake.

"Abambo, nyimbo zathu munatsuka ndi sopo wanji?"

Palibe anaseka. Ine ndinkayang'ana nsapato. Amayiwo anagamula pomwepo: ayambiranso kuyeserera, ndipo wowanyamula kulikonse ndine.

Lolemba ndinalawirira kugalaja.

"Mariamu, tseka."

"Nditseke chiyani? Si ndinu folomani?"

"Tseka, mwana iwe."

Anatseka. Sindinapemphenso.

Nyimbo zija anajambulanso kalekale, masidi anatuluka. Ndinayesa kufunsa ngati chilango chatha. Mkazi wanga anati awafunsa amayi. Mpaka lero sanayankhe, ndipo Loweruka likubwerali tikupita ku Chinsapo.