Nyumba ya Mkazi Wanga Ili m'Chitini Chanu

Kwa Bwana Mkulu wa shopu ya Zala Zosangalala, amene anyamata anu amangokutchulani kuti "Angotuluka",

Mwandiponyera nyumba ya mkazi wanga m'chitini cha mabisiketi. Ndayamba ndi zimenezi kuti mukatopa pakati, poti anthu ophunzira mumatopa msanga, mukhale mutamva kale mutu wa nkhani.

Tsopano moni. Ndikhulupirira kuti muli bwino kumene mumakhala mukatuluka. Ine ndine nkhalamba imene inkameta anthu, sindinapondepo m'kalasi ndipo sindichita nazo manyazi. Akulemba ndi mpongozi wanga. Ndamuuza kuti asathiremo shuga, ndipo akamaliza ndikapeza wina andiwerengere, ndione ngati sanabe mawu.

Nditadwala sitiroko zala zinauma, lumo ndinasiya. Mwana wanga anagula kwa inu kakompyuta kamasewera kogwira m'manja kuti zalazi zizitakataka. Ine ndinati nzachibwana. Mayi akunyumba anandilanda. M'menemo muli gemu yomanga nyumba, ndipo iwo anamanga yawo yoposa imene ndinawamangira ine: khonde lalikulu, chitseko chachikasu chonyansa chimene tinakanganirana mpaka kugona chofulatirana, ndi nkhuku zimene anazitcha mayina a onse amene anawalakwira mu mzere wa nyumba zathu. Tambala wolongolola anamutcha dzina langa. Mayiwo anatisiya chaka chatha. Kuyambira pamenepo nkhukuzo ndimadyetsa ndine, m'mawa uliwonse, ndi zala zopindikazi, ndipo palibe inafapo.

Kenaka kakompyutako kanayamba kudandaula kuti kakhuta. Ndinabwera nako kwa inu kuti mukulitse mosungira zinthu. Ndiloleni ndikuthokozeni mwadongosolo.

Choyamba, zikomo chifukwa cha malo. Mnyamata wanu wa ndolo uja anatsegula kumsana, nachotsa kamemoli kakale, kochepa ngati lezala, naikamo katsopano. Nditafika kunyumba ndi kuyatsa, ndinapeza tchire lokhalokha. Simunaname, bwana. Malo mwandipatsadi. Ngakhale moto ukanyeketsa nyumba umasiya malo ambiri.

Chachiwiri, zikomo pondiphunzitsa kuti wolakwa ndine. Akuti ndikanatsegula akaunti pa intaneti, zonse zikanasungika. Inde, ndinakana. Akaunti imafuna pasiwedi, pasiwedi imafuna zilembo, zilembo ine sindizidziwa, ndiye kuti kiyi wa nyumba ya mkazi wanga akanasunga ana. Munthu wa imvi sapempha kiyi kwa mwana wake kuti alowe kwake. Ngakhale lero ndikhoza kukananso. Koma mnyamatayo, asanagwire sikuludiraiva, chinamuvuta n'chiyani kufunsa kuti m'katimamo muli chiyani? Ine ndevu za munthu sindinkazimeta ndisanafunse ngati mwini wake akuzifunabe. Kapena kufunsa kumaphunzitsidwa m'kalasi imene iye anadwala?

Chachitatu, chitini. Ndinaona ndi maso angawa kudzera pagalasi: kamemoli kanga anangokaponya m'chitini chili pansi pa tebulo, mmene munali kale tinzake tambirimbiri, topanda dzina, tofanana ngati nthanga za dzungu. Nditabwerera, anachikhutchumula pamaso panga n'kundifunsa kuti kanga ndi kati. Ndinamuuza kuti ndi kamene muli chitseko chachikasu. Anaseka, ndipo mano ali nawo abwino. Akuti kuyesa kamodzikamodzi kungadye tsiku lonse, ndipo sangachite popanda chilolezo cha bwana. Bwana ali kuti? Angotuluka. Mawa lake, angotuluka. Ndayamba kukhulupirira kuti amisiri anakumangirani ofesi ya khomo lotulukira lokha, ndipo ndikukumverani chisoni.

Mnyamatayo mtima ali nawo, ndisamudyere miseche. Anandipatsa kachikwama kaulere kokhala ndi dzina la shopu yanu, n'kundilangiza kuti ndingomanga nyumba ina, poti tsopano malo alipo omangapo tauni. Ndinayesa. Chitseko ndinapaka chobiriwira monga ndinkafunira kuyambira kale, ndipo panalibe wondiletsa. Ndinazimitsa. Sindinayatsenso.

Chachinayi, ndamva kuti kumapeto kwa mwezi kumabwera galimoto kudzatenga chitinicho, zonse zikaperedwe pa makina, akuti pofuna kuteteza zinsinsi za makasitomala. Apa ndiye ndagoma nanu. Chinsinsi changa mwachiteteza mpaka mwini wakene sindingachione.

Mpongozi wanga akuti ndisavutike, ndi nkhuku za pa sikirini chabe. Ndamuuza alembe zimenezonso, kuti mudziwe kuti ndikulimbana ndi ophunzira kunja ndi m'nyumba momwe. Zovala za mayiwo anagawana abale awo. Mapoto anatenga ana. Chimene anasiya chopangidwa ndi manja awo, chimene panalibe amene anachiona ngati katundu, ndi chimenecho, ndiye chinatsalira ine.

Choncho, Bwana Angotuluka, ndagwada, ngakhale mawondo sakulola. Galimoto ija isanabwere, lowani kamodzi kokha. Vulani jekete, kokani mpando, muike chitinicho pamiyendo panu, muyese timamemoli tonse inu nomwe, osati kutuma. Ine ndidzakhala pa sofa yanu ya makasitomala kuyambira potsegula, mankhwala anga ndatenga, ndipo aliyense wobwera kudzagula ndidzamupatsa moni ndi kumufotokozera bwinobwino mmene mumathandizira anthu. Nthawi ndili nayo; inu ndi amene mwezi ukukutherani.

Mukakapeza, musakapukute, musakakonze, musakawonjezere kanthu. Mungokabwezera mmene munakachotsa, kochepa momwemo. Mwandithandiza kale mokwanira.

Ine wanu wosaphunzira, wodinda ndi chala,

Wometa wopuma