Maluwa a Chidede

Lolemba

Tamanda, wa benchi yakutsogolo m'kalasi mwathu, akusamukira ku Lilongwe Lamulungu. Chaka chonse sindinamuyankhulepo. Koma ndimaona. Akamadutsa pa Songani amaima kwa telala, maso pa chitenje cha maluwa apinki ozimiririka m'mbali, ngati owajambula ndi madzi. Ndimupangira kansalu kotero ndi manja angawa. Akamapukuta nkhope azindikumbuka!

Lachiwiri

Zofunika: nsalu yoyera, burashi, utoto, kulimba mtima.
Nsalu: kumsana kwa shati yanga yakale ya yunifolomu.
Burashi: nthenga ya tambala. Wandijompha.
Utoto: chidede cha m'munda mwa amayi, chowiritsa m'chitini.
Kulimba mtima: sikunapezeke.

Lachitatu

Ndangokhudza nsalu kamodzi, utoto wathamanga mbali zonse. Si duwa ili, ndi bala. Mlongo wanga wamng'ono Chifundo wakuwa: "Amayi, achimwene avulala!" Amayi abwera ndi mchere. Ndabisa nsalu, ndawaonetsa pomwe tambala anajompha. Athirapo mcherewo. Mayo!

Lachinayi

Kumsana kwatha, ndadula kutsogolo kwa shati. Ndatulukira njira: nsalu inyowe pang'ono, utoto ukhale wochepa, dzanja lisanjenjemere. Maluwa atuluka! Pakati pofiira, m'mbali pinki wofewa, wongosungunuka yekha. Kuposa a telala aja. Ndayanika kuseri kwa khitchini. Ndikuyeserera kunena "Tamanda, landira" pamaso pa mbuzi. Mbuzi yachokapo.

Lachisanu

Ndaweruka, nsalu palibe pachingwe. Ndaipeza pakamwa pa mphika, phulusa pamwamba. Amayi akusefera chidulo cha therere! "Kasanza kothimbirira kale aka, ukulira chiyani?" Chidulo chasandutsa maluwa anga obiriwira motuwa, ngati chuku cha pamkate. Therere ndalikana. Patapita kanthawi ndadya. Njala ilibe manyazi.

Loweruka

Chidede chatha. Pashati patsala mkono umodzi. Ndagula juwisi waufa pagolosale ku Malemia. Pinki wake ndi waphokoso, koma nanga nditani? Ndajambula, ndayanika pamwala. Pobwerera ndapeza nyerere za Domasi yense zili pa ukwati. Ndakung'untha. Zina zamatirira, zafera m'maluwa momwemo. Chifundo akuti zikuoneka ngati njere za duwa. Mwana wabwino, koma wabodza.

Lamulungu

Ndathawa kwaya, ndili pa Songani, kansalu kakumata m'thumba. Tamanda wafika ndi amalume ake ndi akatundu. Wandiyang'ana! Wamwetulira! "Aise, tandikwezere chikwamachi." Ndakweza. "Zikomo, Yamikani." Yamikaniyo si ine: amakhala pabenchi yachiwiri, ndipo ndi wamtali.

Minibasi yapita. Ndapukuta thukuta ndi kansalu kaja, moti ndayenda mpaka kunyumba nkhope ili pinki, ntchentche pambuyo. Amayi sanafunse.

Mawa kuli mayeso a Bayoloje. Mutu wake: ziwalo za duwa. Ndilephera ndithu.