Kupepesa Maliro m'Chigujarati

Lolemba

Tadala wandinyoza. Mng'ono wanga weniweni, amene ndinkamubereka kumbuyo ine!

Ali ku Kuala Lumpur chaka chachitatu tsopano, ndipo pa foni m'mawa uno akundiuza mopanda manyazi kuti Chimalaya sakuchifuna, poti kumeneko aliyense amamva Chingerezi. Ndikumupatsa ulaliki wonse. Ndikumukumbutsa azungu a ku Area 10 aja, zaka makumi awiri m'Malawi, kufunsa “muli bwanji” kenako n'kuthawa yankho lisanafike. Ndikumuuza kuti mlendo wosaphunzira chilankhulo cha eni dera ali ngati katundu: anafika ndithu, koma sakudziwa kumene ali.

Iye: “Nanga inu achemwali, pa msewu wanu wa amwenye okhaokhawo, mumadziwa mawu angati a Chimwenye?”

Netiweki ikuvuta pomwepo. Woivutitsa ndine.

Chowawa n'chakuti mwanayo wagunda pachilonda. Bambo Ismail, a khomo loyandikana ndi langa kuno ku Spinney Hill, mumzinda wa Leicester ku England, anamwalira Lachinayi lapitali. Asilamu sagoneka maliro: ndikupita ku ofesi m'mawa sindikudziwa kanthu, pobwera madzulo aikidwa kale. Sindinagogode tsikulo. Mawa lake sindinagogodenso. Tsopano ndikudutsa pakhomo pawo monyang'ama ngati wakuba nkhuku. Ine, mwana wa ku Chilomoni, kumene wosapita pa maliro a neba amadzadzikumbira yekha manda!

Vuto ndi mayi Zubeda, akazi awo. Sindinawamvepo akulankhula Chingerezi. Chaka chathunthu moni wathu ndi wa mutu basi. Ndiye ndikalowa ndikanena chiyani? Ndipo mwana wawo wamwamuna wandiuza potulutsa mabini kuti Lamlungu akuwatenga azikakhala naye ku Nottingham.

Pulani: pofika Loweruka ndikawapepese m'chilankhulo chawo, Chigujarati. Digiri ziwiri, imodzi ya zilankhulo. Zingandikanike ine?

Zofunika:
- kope latsopano (lagulidwa, lachikuto chofiira)
- apu ya pa foni
- Bhavna wa ku ofesi, amene anakulira ku Belgrave, dera la Agujarati mumzinda muno
- Tadala asamve

Lachiwiri

Apu imeneyi ilibe umunthu. Ikundiphunzitsa “njovu ikumwa madzi”, mitundu ya zipatso, ndi kufunsa nthawi yonyamukira sitima. Phunziro la maliro palibe. Kodi opanga maapu kwawo samwalira?

Zilembo za Chigujarati zili ngati zovala zimene chingwe chake chaduka. Ndaziyang'ana, zandiyang'ana. Tagwirizana kuti tisavutitsane.

Bhavna pa nkhomaliro ndiye mphunzitsi weniweni. Ndalemba:
- kem cho: muli bwanji
- majama: ndili bwino
- aavjo: tsalani bwino, koma kwenikweni akuti “mubwerenso”

Aavjo ndaikonda. Imatuluka yokha ngati ndinayamwira.

Poweruka ndikutsika basi pa Belgrave Road kuti ndiyeserere pa anthu amoyo. Ndikulowa m'sitolo ya maswiti, chifuwa patsogolo: “Kem cho!” Mtsikana wogulitsa akundiyang'ana mwachisoni, n'kundiyankha m'Chingerezi cha kuno, kunditchula bakha wake monga amachitira anthu a Leicester onse. Akuti Chigujarati amangomva, agogo ake ndi amene amalankhula. Mwana wosaleredwa! Ndagula maswiti kuti ndibise manyazi. Ndi okoma, sindinama.

Lachitatu

Tsiku la chitonzo.

Ndikumupempha Bhavna mawu oti “mundikhululukire”, poti ndachedwa sabata yathunthu. Akuti: maaf karjo. Zophweka. Ndikubwereza mwaulemu wonse, manja pachifuwa: “Mafu kalijo.”

Tiyi akumutulukira m'mphuno.

Akuti mmene ndikutchuliramo zikumveka ngati kaleji, ndipo kaleji ndi chiwindi. “Ukagwada pamaso pa namfedwa n'kupempha chiwindi.”

Ndikumufotokozera mwasayansi kuti kwathu l ndi r ndi mapasa, sakangana. Unene Lilongwe, unene Rirongwe, minibasi ikufikitsa. Ndiponso ife sitisiya chilembo chili chamasiye kumapeto kwa mawu, timachipatsa kachovala. Maaf ndi mafu, basi. Iye akungopukuta misozi n'kumati ndibwerezenso kuti aitane a chipinda chinacho.

Kenako nkhonya yachiwiri. Akuti pa nyumba ya maliro, aavjo sanena. Imfa suiuza kuti ibwerenso. Mawu okhawo amene ndimawatchula bwino, oletsedwa!

M'basi pobwerera: rrr, rrr, karrrjo. Bambo wina wasamukira mpando wakutsogolo. Kunyumba ndikupitiriza m'khitchini, m'bafa, pamasitepe. Lilime likuwawa ngati lalima.

Lachinayi

Kwa wogulitsa nyama ya halali pakona. Ndikuponda phazi la mayi wina mwangozi, ndipo ndikuona mwayi: “Mafu kalijo!” Wogulitsa uja, osatukula n'komwe mutu: “Cha nkhosa kapena cha ng'ombe?”

Ndili ndi chiwindi mufiriji. Sindidya chiwindi.

Ndikumufotokozera pulani yanga akukulunga. Akumvetsera bwinobwino, kenako akundiuza mofatsa kuti banja la malemu Ismail ndi Amemoni, ali ndi chilankhulo chawochawo. Chigujarati amamva, inde, koma cha pamtima si chimenecho. Ndafufuza pa apu. Chimemoni mulibe. Masiku atatu ndakhala ndikulima munda wa eni!

Ine ndemwe ndimakwiya mzungu akandifunsa ngati ndimalankhula “Chiafrika”. Ndipo Lolemba Tadala atati “Chimwenye” sindinamudzudzule. Izi sizituluka m'kope muno.

Khoma la pakati pathu ndi lopyapyala ngati chikoko cha dzira. Kale ndinkamva chifuwa cha bambo Ismail, supuni ikuzungulira m'kapu, nthawi zina kuseka kwa anthu awiri kotsekedwa ndi dzanja. Lero ndikungomva tepi ikumata makatoni.

Lachisanu

Kwathu ukanyamula ufa kapena nkhuni, wamaliza. Kuno nkhuni akuitanira apolisi. Ndakazinga mandasi. Mandasi alibe chipembedzo.

Ndikuima pakhomo pawo ndi mbale. Nsapato zambirimbiri pakhonde, mawu a azimayi mkati. Chala chili pa belu. Chala chikubwerera chokha.

Mandasi otsala: asanu ndi anayi. Analipo khumi ndi asanu. Sindikufuna mafunso.

Ndikukumbukira maliro a adadi. Panali mayi wina wa ku Mozambique wa nyumba yakuseri, Chichewa chake chothyokathyoka. Anabwera n'kukhala pamphasa pafupi ndi amayi masiku atatu, mwendo wake utagunda mwendo wawo. Sindikukumbukira liwu lake ngakhale limodzi. Amayi mpaka lero akamutchula amati “mchemwali wanga uja”. Pa maliro munthu amapita ndi matako, pakamwa ndi pongoperekeza.

Ndikudziwa zimenezi. Komabe ndalemba karjo padzanja ndi bolopeni, r wake wamkulu ngati chipata.

Mawa. Zivute zitani.

Loweruka

Chitenje pamwamba pa jinzi, mpango kumutu, mandasi atsopano. Mwana wawo akutsegula, ndikuvula nsapato. Mayi Zubeda akhala pamatiresi pansi pakati pa makatoni, mpango woyera, ochepa thupi kuposa mmene ndinkawaonera pawindo. Ndikugwada. Ndikuyang'ana padzanja: thukuta lafufuta zonse. Mutu uli mbee. Ndiye pakamwa, osandifunsa, pakungotulutsa za kwathu:

“Pepani amayi. Pepani ndi zovutazi.”

Iwo: “Zachitika mwana wanga, nanga titani. Sendera kuno. Wachedwatu iwe.”

M'Chichewa! Chichewa cha mafupa, cha ku Balaka, choposa changa cha digirichi!

Anabadwira kuseri kwa sitolo ya bambo awo, pafupi ndi siteshoni. Anachoka ku Malawi ali ndi mwana mmodzi kumbuyo. Ana anakulira kuno, Chichewa sakumva. Iwo ndi amuna awo anachisunga cha zinthu ziwiri: kukangana ndi kusekana, ana asamve.

Ndikufunsa chifukwa chimene sanandiuzire chaka chonsechi.

“Bambo ako a m'nyumba muno anakaniza. Amati ukadziwa uyamba kunong'ona.”

Akuti akapemphera m'mawa ankakoka mipando kufupi ndi khoma, tiyi m'manja, kudikira foni yanga ndi Tadala. Ankanditchula wailesi yawo.

Zimene anthu awa amva:
- nkhani yonse ya Limbani, chibwenzi changa cha ku Corby, gawo ndi gawo
- zimene ndinanena za anyezi amene amakazinga m'mamawa
- kuimba kwanga
- rrr wa sabata ino

“Kalijo, kalijo, tsiku lonse. Ndimati mwanayu magazi amuchepera, akufuna chiwindi.”

Ndikufuna pansi patseguke. Iwo akuseka mpaka kugwira nthiti, mwana wawo ali pakhomo kudabwa ngati waona mzukwa. Kenako kusekako kukutembenuka pakati, kukhala kulira. Akuti kuyambira tsiku la maliro sanatchule liwu limodzi la Chichewa. Ankaganiza kuti Chichewacho anachiika m'manda limodzi ndi mwini wake.

Ndikusendera mpaka mwendo wanga ukugunda wawo. Takhala choncho mpaka tiyi wachiwiri. Mandasi akuti shuga ndachepetsa.

Lamlungu

Vani yafika chakum'mawa. Ndikunyamula makatoni a mapoto, ndipo mayi Zubeda akundilamula ngati anandibala: “Osati pamenepo iwe, uphwanya!” Ndikumvera. Zikundikomera, ndipo zimenezi zikundikwiyitsa.

Zotsatira za sabata:
- mawu a Chigujarati: anayi
- oletsedwa: limodzi
- la chiwindi: limodzi
- a Chimemoni: ziro
- kope lofiira: masamba awiri olembedwa, ena onse oyera

Tadala ndamuuza zonse, poti mayi Zubeda aumirira kumupatsa moni pa foni: “Ndiwe wa ku Malaysia uja? Mawu ako ndimawadziwa.” Mwanayo waseka mpaka kutsamwa. Ndamuuzabe kuti aphunzire Chimalaya. Ulaliki sufa chifukwa choti mlaliki wagwa m'matope.

Mayi Zubeda nambala yawo andilembera pachikuto cha kope. Lachitatu lililonse ndikaweruka ndiziimba, ndipo ndisamadumphe nkhani. Mwana wawo wandikokera pambali kundithokoza m'Chingerezi, maso ali ofiira. Akuti sankadziwa kuti amayi ake ndi anthabwala.

Mayi Zubeda atakhala kale m'vani, lamba atamanga, akutsitsa galasi n'kundikodola.

“Bambo ako anasiya mawu, ankati tsiku lina adzakuuza okha. Za Limbani uja. Akuti mwamuna wozimitsa foni Loweruka lililonse alibe shifiti, ali ndi mkazi.”

Galasi likukwera. Vani ikukhota pakona. Ndaima pamsewu ndi masilipasi mpaka mvula yandikumbutsa kuti kuno ndi ku England.

Ndalowa, ndathira tiyi, ndamuimbira Limbani.

Foni yozimitsa. Lero si Loweruka n'komwe.

Bambo Ismail, mzimu wanu uuse mumtendere. Munamukomera mtima munthuyu.