Bwana Pulofesa, Mbalame Yaikulu Ikudikira

Kwa Bwana Pulofesa,
Mkulu wa Bungwe Lofufuza Mmene Ubongo Umaphunzirira Zilankhulo,
Winnipeg.

Wolemekezeka Bwana,

Pepani pokusokonezani pa ntchito yanu yapamwamba. Ine ndine Nambala 47. Mayi anga anandipatsa dzina loti Orest Demchuk, ndipo ndinaligwiritsa ntchito zaka 68 popanda vuto, koma nditalowa pakhomo panu mu Januwale munandiuza kuti mayina amasokoneza sayansi. Ndinali wogawa makalata zaka 34, kotero manambala a pazitseko ndinawazolowera. Kungoti sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzasanduka nambala ineyo.

Anandituma kwanu ndi mwana wanga Larysa. Chimwalirire mayi ake, m'nyumba munangoti zii, ndipo tsiku lina anandipeza ndikukambirana ndi fuliji za nyengo. Anandiponyera chipepala chanu cholengeza kuti muphunzitsa okalamba chilankhulo chatsopano kwaulere, khofi ndi madonasi zilipo. Amvekere, "Ababa, pitani mukalankhuleko ndi anthu amoyo, fulijiyi yatopa nanu." Ine ndinapita ndikuganiza kuti ndi Chisipanishi.

Ndalemba kuti ndikuthokozeni, ndipo zothokozazo nazi.

Choyamba, zikomo chifukwa cha Chivelu. Nditafunsa kuti chimalankhulidwa dziko liti, Dokotala Thibault, amene ankatiyang'anira, anandiyankha mokoma mtima kuti anachipeka okha pa kompyuta, kuti pasapezeke wina amene anachimvapo kale kwawo. Nzeru zakuya zimenezo! Chivelu chili ndi mawu 36. Mulibe moni, mulibe zikomo, mulibe njira yofunsira kuti chimbudzi chili kuti. Koma mbalame ilimo, ndi "mip". Bokosi ndi "zon". Chachikulu ndi "gar", chaching'ono "fi", chofiira "lesh", kukankha "tuva", kudikira pambali pa chinthu "nol". Ndikadzasochera kudziko kumene mbalame zimakankha mabokosi, sindidzagona ndi njala.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha chipewa cha mawaya chimene munkativeka kuti muzimva zimene ubongo ukuchita. Chisanachitike chimenechi dazi langa linali lisanalandirepo ulemu wotere. Munkalipaka mafuta ozizira, kenako n'kundiuza kuti ndisaphethire chifukwa zikope zanga zikuwononga kafukufuku. Ndinayesetsa, Bwana. Ngati ndinaphethira, ndikupepesa m'malo mwa maso anga, sanapite patali ndi sukulu.

Chachitatu, ndipo apa ndichedwapo. Sabata yachitatu munatiika awiriawiri. Pakati munaikapo thabwa lotchinga kuti tisaonane, munatiletsa Chingerezi, ndipo aliyense ankalowera khomo lake pa nthawi yake kuti tisakakumane panja n'kuipitsa zotsatira zanu ndi macheza. Wina ankafotokoza chithunzi m'Chivelu, mnzakeyo n'kumachiloza pa kompyuta. Mnzanga anali Nambala 19.

Nkhope yawo sindinaionepo. Chimene ndikudziwa ndi jombo zofiira zimene zinkaonekera pansi pa thabwa, zitanyowa ndi chipale chofewa cha nyengo yachisanu, komanso kaseko kawo kamene kankayamba ngati akutsamwa. Ndi mayi wachikulire ngati ine ndemwe, mawondo awo ankalira akamakhala pampando. Lachiwiri lililonse 10 koloko m'mawa tinkakankhitsa mbalame mabokosi, ndipo ine ndinayamba kumeta ndevu Lolemba.

Mu Febuluwale ndinagwidwa chifuwa. Ndinatsokomola mpaka mawaya anu onse anasokonekera. Kenako ndinamva mawu kuseri kwa thabwa akuti, "Mip fi tuva zon, mip gar." Ndinayang'ana pa kompyuta, chithunzi chotero panalibe. Nditayang'ana pansi, ndinaona jombo yofiira ikukankhira kwa ine kabokosi ka maswiwiti a chifuwa. Mbalame yaing'ono ikukankhira mbalame yaikulu bokosi. Ndikuuzeni mosabisa, Bwana, misozi inalengeza, ndipo tsiku limenelo ndinaphethira mopanda chilolezo.

Kuyambira pamenepo mawu 36 aja anatikwanira. Ndikachedwa chifukwa cha basi, ndinkapeza akunena kuti mbalame yaing'ono yadikira pambali pa bokosi mpaka kufiira. Iwo akalakwitsa, ine ndinkati bokosi lakankha mbalame, ndipo kutsamwa kuja kunkayamba. Tinkanyozana, tinkapepesana, tsiku lina tinakangana ndithu, ngakhale mpaka lero sindikudziwa kuti tinkakanganirana chiyani. Larysa anati ndayamba kuimba mluzu potsuka mbale.

Chachinayi, zikomo ponditumizira lipoti lanu. Ndaliwerenga kawiri, magalasi ali pamphuno. Mwapeza kuti ubongo wa okalamba umavutika kugwira malamulo a chilankhulo chatsopano, ndipo ine ndine ndani kuti nditsutse anthu ophunzira? Pa tsamba 14 mwalemba kuti awiri ena, Nambala 19 ndi Nambala 47, munawachotsa m'chiwerengero chifukwa ankapanga ziganizo zosagwirizana ndi zithunzi. Ndakunyadirani kwambiri. Munapeka chilankhulo, anthu awiri anayamba kuchezerana m'chilankhulo chimenecho, inu n'kuchonga kuti alakwa. Ife anthu wamba tikanapupuluma n'kunena kuti chilankhulo ntchito yake ndi imeneyo, koma n'chifukwa chake sitinavale makoti oyera.

Tsiku lomaliza palibe amene anatiuza kuti ndi lomaliza. Dokotala Thibault anandivula chipewa, anandipatsa donasi, nati kafukufuku watha. Mmene ndinkazungulira nyumba yanu kuthamangira ku khomo linalo, ndi mawondo angawa, ndinangopeza mapazi a jombo pa chipale, akuthera pamalo okwerera basi.

Ndinabwera ku ofesi yanu katatu kudzafunsa dzina lawo. Munandionetsa fomu imene ndinasaina ndekha, yolonjeza kuti mudzasunga chinsinsi cha aliyense. Ndinapempha kuti mungowapatsirako kakalata. Munati zimenezo ziyambe zakambidwa ndi komiti yoona za ufulu wa ofufuzidwa, imene idzakumane mu Seputembala. Ndikuthokoza poteteza ufulu wanga mwamphamvu chonchi. Palibe amene ananditetezapo kwa munthu wondipatsa maswiwiti.

Tsono taonani pamene mwandisiya. Olankhula Chivelu padziko lonse tilipo ochepa, ndipo amene tinachezerapo m'chilankhulochi tilipo awiri. Ndayesa kuphunzitsa fuliji, ilibe chidwi. Ndayenda m'masitolo maso ali pansi kufunafuna jombo zofiira, mpaka mlonda wina anandifunsa ngati ndataya kanthu. Ndinamuyankha kuti inde. Ndiye chisanu chatha tsopano, anthu avula jombo, ndipo chizindikiro changa chokhacho chalowa m'kabati mpaka Novembala, pamene chisanu chimayambiranso kuno. Ndawasowa mayi amenewa, ndipo pa zaka 68 munthu sawerengera kwambiri za Seputembala.

Pempho langa ndi laling'ono. Dzina lawo lisungeni, fomu yanu ndaimvera. Kalatayi ndatumizanso ku nyuzi ya mumzinda muno, ndipo monga wogawa makalata wakale, ndikudziwa kuti kalata yopanda adiresi nthawi zina imafika ngati anthu ambiri aigwira. Inu ndingokupemphani modzichepetsa kuti mundichongere chiganizo chimodzi, poti mwini galamala ndinu:

Mip gar nol zon lesh.

Mbalame yaikulu ikudikira pambali pa bokosi lofiira. Ngati mukufuna kuona ngati chiganizochi chikugwirizana ndi chithunzi, suzumirani pa zenera lanu Lachiwiri lililonse 10 koloko m'mawa. Pa bokosi lofiira loponyamo makalata limene lili kutsidya kwa msewu mudzaona mkulu wina wadazi, wometa bwino, atagwira kabokosi kamene m'kati mwake mwatsala swiwiti imodzi. Mukadzaona wina akubwera atavala jombo zofiira dzuwa likuswa mtengo, chonde musatsike ndi thabwa.

Ine wanu womvera, amene munamuchotsa m'chiwerengero,

Nambala 47