Anasamba M'manja M'nyanja ya Luwiza

Seka, Daisoni, seka ndithu, mano ndi ako. Koma ukatha kusekako uzimitse njinga yakoyo ukhale pansi apa, chifukwa mvula iyi sikata msanga, ndipo msewu wa ku Dambe lero sukwereka. Inu nonse anyamata a kabaza mumati Chimpeni ndi wabodza. Ndimakumvani ndikamadutsa ndi ndodo yanga pa boma pano, mumagwirana zigongono n'kumati uyo mdala wa nyanja uja. Chabwino. Amene akuti ku Dambe, pamwamba pa phiri pamene timalima kachewere, sikunakhaleko nyanja ya mchere yokhala ndi mafunde ake, aimirire andiyang'ane m'maso. Palibe eti? Nkhani iyi sindiinena ndikuseka, chifukwa m'kati mwake muli maliro a mkazi wanga, ndipo munthu sanamizira womwalira.

Mkazi wanga Luwiza anali Msena wa ku Beira, wobadwira m'mphepete mwa nyanja ya mchere. Ndinamupeza ndikuchokera ku Thekwini, mzinda wa kunyanja wa dziko la Joni lija, kumene ndinagwira ntchito zaka zambiri m'sitolo yogulitsa nsomba zoweta m'magalasi, zija zosadya, zongoyang'ana. Ndinamukweza phiri, anabereka Filipo wathu amene ali ku Joni, anaphunzira kupalira kachewere ndi kuotha moto mu Juni, osadandaula. Atakalamba matenda anamugwira miyendo, kenaka chifuwa. Kuchipatala anayesa zawo, n'kutibweza kunyumba ndi mapiritsi ndi mawu ofewa, ndipo mawu ofewa a kuchipatala tanthauzo lake mukulidziwa. Tsiku lina masana ali gone anandiuza kuti, “Bambo a Filipo, imfa sindikuiopa. Chikundiwawa n'chakuti ndifa osaionanso nyanja ya kwathu.” Ulendo sakanautha, mabampu a msewu wathuwu akanamumaliza asanafike pa Zalewa. Ine ndinangoti, khalani pomwepo mayi, ndikukakutengerani.

Mukumva? Ndinamangirira migolo iwiri panjinga yanga yopalasa, ndinatsika phiri, ndinaoloka malire, ndinapalasa mpaka matayala anatha n'kuyamba kuyendera malimu, malimu anatha n'kuyamba kuyendera masipoko, ndinafika ku Beira ndikutuluka utsi m'mawondo, ndinaigwadira nyanja monga mkamwini agwadira apongozi, n'kuiuza kuti mwana wanu akudwala ku Dambe, ndipo nyanjayo, Mulungu ndi mboni, inakwera yokha pamchenga n'kudzithira m'migolomo, pamodzi ndi miyala yamoyo ija amati makorali, imene imaphuka ngati maluwa koma imadya, ndi kansomba kamodzi kachikasu ka mlomo wosongoka kamene kanalowa komalizira popanda woitana.

Tsopano tcherani khutu, apa ndi pamene pali nzeru. Kutunga nyanja n'kosavuta, ngakhale Daisoni angathe. Chovuta n'kuisunga yamoyo. Nyanja yaikulu imadzichapa yokha: mafunde amamenya madzi, madzi amachita thovu, thovulo limanyamula litsiro n'kukalitaya kumtunda. Koma ukaitsekera m'bokosi lagalasi yasanduka mudzi wopanda chimbudzi, nsomba ikudya momwemo, ikudzithandiza momwemo, madzi amayamba chikasu, makorali amafota n'kufa. Ndiye pali makina ake, dzina lake sikima. Ndi chipaipi choimirira, pansi pake pali kapampu kamene kamaphwanya mpweya kukhala tithovu tating'onoting'ono, litsiro limakakamira ku tithovuto, thovu limakwera pakhosi pa chipaipicho n'kugwera m'kapu ya pamwamba, iwe n'kukataya. M'madzi a mumtsinje wa Lisungwi sigwira ntchito, imafuna mchere.

Ndisananyamuke ku Beira ndinalowa m'sitolo ina kukasankha. Wogulitsa anathamangira kundinyamulira chachikulu kuposa zonse, chotalika kufika m'chiuno, amvekere, “Tengani ichi madala, chachikulu ndiye chabwino.” Ndinati, mwana iwe, ng'ombe saimangirira pamsipu wa mbuzi. Sikima ikakula kuposa nyanja yake imamaliza litsiro tsiku limodzi, kenaka n'kukhala duu osachita thovu, litsiro likaunjikana n'kudzidzimukanso, osakhazikika. Ikachepa imathamanga usana wonse koma madzi osayera. Suyang'ana kukula kwa galasi kokha ayi, umayang'ananso pakamwa pa zimene zili m'galasimo, kuti zimadya bwanji. Ndinaviika lilime mu mgolo, ndinamva kuti kansomba kaja n'kosasusuka, ndinaloza ina yapakatikati imene inali pakona ndi fumbi lake, ndinati iyo.

Pobwerera sindinapalase ngakhale kamodzi. Madzi a nyanja saiwala nthawi yawo ngakhale ali mu mgolo. Akayamba kudzadza ankakankha njinga yokha kukwera mtunda, akayamba kuphwa ndinkatsika n'kukhala pamthunzi kudikira, ndipo phiri la Dambe, limene inu mumalirapo ndi injini zanuzi, ine ndinalikwera manja ali m'thumba.

Galasi ndinaliika kumiyendo kwa bedi, pamene mayi angaone osadzutsa mutu. M'chipindamo munalibe malo ena, ndiye ndinaboola khoma, n'kutulutsa paipi, n'kuika bafa lalikulu pakhonde, kuti madzi azitsikira m'menemo, sikima iziwatsuka, n'kubwereranso m'galasi. Magetsi ndinatenga ku sola. Kuzizira kwa ku Dambe kukanapha zonse, koma ndinaphunzitsa nkhuku zanga kufungatira galasi mosinthana, ndipo madzi ankakhala ofunda bwino.

Kuichuna ndiye kunandidya mutu. Sikima yatsopano imayamba ndi misala, lero kusefukira, mawa osatulutsa kanthu, ndipo munthu wopanda mtima amapotokola kampopi kake uku ndi uku n'kusokoneza zonse. Ine ndinkakakhudza pang'ono, mulingo wa nsidze ya udzudzu, n'kupita kumunda, n'kudzaona pobwera. Ukakweza madzi kwambiri m'chipaipimo, m'kapu mumadzaza zamadzimadzi ngati tiyi wa kwa munthu woumira, ndiye kuti ukutaya nyanja. Ukawatsitsa kwambiri thovu limaumira pakhosi, osagwa. Pakati pake pali malo amodzi okha, pamene chotuluka chimada bii, fungo lake lothamangitsa agalu. Malo amenewo ndinawapeza ine, ndipo nditawapeza madzi anayera mpaka ntchentche zinkafera m'menemo poganiza kuti mulibe kanthu, makorali anaphuka, mafunde anayamba kumenya galasi, mwezi ukakhwima madzi ankakwera okha, ndipo sikima ija, litsiro la nsomba litaichepera, inayamba kukoka lina la m'mudzi: amayi akadutsa ndi miseche popita kumjigo kapu inkadzaza, wailesi ikayamba kulonjeza za msewu wathu ndinkataya kawiri, ndipo munthu akabwera kudzazonda odwala ndi mtima wakuda thovu linkamuulula asanapereke moni. Chinthu chimodzi chokha chinakana kukwera pakhosi paja, matenda a mayi. Ndinayesa, anyamata. Ndinapotokola kampopi kaja mpaka zala zinachita matuza.

Koma anaiona nyanja yake. Mayi amene a kuchipatala anatiuza kuti sadzafika mvula yoyamba anadya nafe chimanga chachiwisi, anaonanso tikukolola. Kansomba kaja ankakatcha achimwene, poti pa zochokera kwawo ndi kokhako kamene kanali ndi maso owayang'ana. Ankacheza nako m'Chisena, iko n'kumayankha, ine wa Chichewa changa ndili panja ngati mlendo, osakwiya, chifukwa ndinkamva mayi akuseka. Tsiku lomaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Achimwenewa ndi alendo anu tsopano. Munandisunga ine kuphiri kuno, muwasungenso iwo. Asafe msanga.” Ndinavomera. Ndinalonjeza munthu akutsirizika, ndipo lonjezo lotero silibwezedwa.

Maliro ake anadzaza. Anthu anachokera ku Matandani, ku Lisungwi, ena mpaka ku Zalewa. Kumanda ine sindinalire. Maso anauma gwa, ndipo ndinkamva manong'onong'o kumbuyo kuti bamboyu mtima wake ndi mwala. Ndinatsalira pamtumbira ndi akulu a mpingo, anthu n'kutsogola kubwerera kunyumba. Mwambo mukuudziwa: wochokera kumanda salowa pabwalo osasamba m'manja. Beseni limene amayi a m'mudzi anakonza linali laling'ono, madzi anatha anthu akadali pamzere, ndiye wina anaponya maso pakhonde n'kuona bafa lodzaza madzi oyera mbee. Nthawi imeneyo kunali kolera, ndiye wina wa mtima wabwino anaikapo sopo. Mudzi wonse, mpingo wonse, adzukulu okumba manda ndi dothi lawo, onse anasamba m'manja m'nyanja ya Luwiza. Sindiwada ayi, ankachita mwambo.

Kodi mukudziwa chimene sopo amachita ndi sikima? Ndili panjira ndinaona chinthu choyera chikutuluka padenga la nyumba yanga, chinakwera, chinakwirira nkhokwe, chinameza mitengo ya mapichesi, anthu akuthawa atanyamula nsapato m'manja, amayi a chigwirizano ndi zovala zawo zoyera anasowa m'menemo osaonekanso, thovu linatsika phiri, ku Matandani anagwada poganiza kuti mtambo wa tsiku lomaliza wafika, linalowa mu Lisungwi, linakafika mu Shire, pa Zalewa malole anaima mzere atayatsa nyali dzuwa lili paliwombo, ogulitsa kanyenya akuotcha nyama osaiona. Akulu a mpingo anandigwira mikono, amvekere, “Bambo, namfedwa sathamanga, khalani pansi.” Ndinati, ndisiyeni, muli mlamu wanga m'menemo. Ndinavula jekete, ndinalowa m'thovumo chamutu, ndinasambira mokwera, mwendo uwu ndi umene unathyoka tsiku limenelo nditagunda nkhokwe, ndinapapasa khoma mpaka ndinapeza waya, n'kuzimitsa.

Thovu litaphwa ndinalowa m'chipinda. Bedi lili lokhalokha, mphasa atapinda. M'galasi madzi ali mbuu ngati otsukira mbale, makorali atadzitseka, achimwene atagona chammbali pansi, akupuma movutika. Mankhwala ake ndi amodzi, kutaya madzi oipawo n'kuthira ena a mchere, msangamsanga. Koma ndikanawatenga kuti? Migolo inali itauma kalekale, Beira ali kutali, njinga ilibe ndi masipoko omwe. Ndinawatola achimwene n'kuwaika m'kapu, ndinataya madzi onse, ndinatsuka galasi ndi bafa, ndinagwada pamenepo ndikuyang'ana galasi lopanda kanthu, ndipo ndinaona kuti mayi ndawaika m'manda m'mawa, mawu awo ndikuwaika masana a tsiku lomwelo.

Apo ndi pamene ndinalira. Mukumva? Misozi imene inakana kumanda inabwera yonse nthawi imodzi, inagwera m'galasi, inakwera kufika chala, inakwera kufika chigongono, ndinalirira miyendo yake, ndinalirira zaka zonse zimene anaotha moto kuphiri osatchula kwawo, ndinalirira Filipo amene sanapeze basi yomufikitsa pamaliro a mayi ake, galasi linadzaza, madzi anatsika m'paipi, bafa linadzaza, ndinalawa, mchere wake ndendende wa ku Beira, wofunda kale osafuna nkhuku. Ndinayatsa sikima, ndipo popanda kukhudza kampopi thovu linaima pakhosi penipeni, pamalo ake aja. Ndinawabwezeramo achimwene. Anagwedeza mchira, anadzuka, anazungulira kawiri, anandiyang'ana n'kunena mawu amodzi a Chisena amene mayi ankandiuza ndikawapatsa madzi akumwa. Anthu amene ankati mtima wanga ndi mwala anasuzumira pazenera, n'kuchoka mmodzimmodzi atazyolika.

Ndi zimenezo. Kuno ku Neno, kuyambira kumapiri mpaka kumlatho wa pa Zalewa, palibe wina anadzazapo nyanja ndi maso ake, ndipo amene akukana abwere ndi nyanja yake.

Ukuti chiyani, Daisoni? Ukufuna undikweze panjinga yako mvula ikakata, tikawaone achimwenewo?

Usavutike, mwana wanga, mafuta adula. Achimwene anafa m'mawa mwake. Sopo sakhululuka, olo ulire bwanji. Ndinawakulunga m'kansalu ka mayi, ndinapita ndekha kumanda, n'kuwaika m'mbali mwa mlongo wawo. Makorali anasanduka miyala wamba, ili pakhonde. M'galasimo muli madzi ndi mchere wa pa golosale basi, mulibe chamoyo, mulibe chodetsa madzi, kapu ikhala youma chaka chonse. Koma sikima ndimaiyatsabe kukacha, chifukwa ndikaizimitsa m'nyumba muja mumakhala zii, ndipo zii ameneyo ine sindimutha.