Alamu Anga ku Tauni ya Malalanje

Inu, basiyi sibwera msanga, sunthani pang'ono ndikhale, ndikuuzeni za alamu anga, amuna a achemwali anga aakulu. Kwathu timawatchula kuti a Ndinawerenga, chifukwa palibe chimene mungawauze iwo osayankha kuti, "Ee, zimenezo ndinawerenga." Muwauze kuti mbuzi yanu yaswa mapasa, anawerenga. Muwauze kuti mutu ukukupwetekani, anawerenga, ndipo akuuzani kuti mukuudwala molakwika.

Atapuma pa ntchito yawo ya ukalaliki anayamba kunyoza dera lonse. "Anthu a kuno akakwera basi ndiye kuti kuli maliro kapena ukwati," ankatero pakhonde. "Kuyenda kongokaona malo, ngati anthu otsogola, sakudziwa!"

Tsiku lina achemwali, amene nyimbo imeneyi inali itawakwana, anaika pansi zoluka zawo.

"Bambo a ana, chikwatiranireni simunanditengereko ngakhale kuseri kwa phiri ilo. Mwezi uno mukapanda kunditenga, ndikupita kwa mwana wathu wamkazi kukalera zidzukulu, ndipo musandidikire."

Alamu sadziwa ngakhale pamene pamakhala mchere m'nyumba mwawo. Loweruka lotsatira ananyamuka.

Anasankha katauni kena kakalekale kotchuka ndi malalanje. Koma zovala zake, abale! Chipewa chachikulu ngati chivundikiro cha mgolo, masokosi ofika m'maondo, kamera yobwereka pakhosi, ndi kabudula wa khaki amene anasiya kumuvala mimba isanabwere. Kabudulayo analowa atakokedwa ndi anthu awiri.

"Timapita kokaona malo kapena kokasaka njovu?" anafunsa achemwali.

"Alendo enieni amavala chonchi. Ndinawerenga."

Katauniko kanali ndi msewu umodzi wa tala, masitolo a makonde aatali, ndi siteshoni imene sitima inaiwala kalekale. Chilichonse chinali ndi chikwangwani chonena kuti ndi chakale. Mpope wakale. Benchi yakale. Chimbudzi chakale, cholowa alendo okha. Ngakhale mabanzi a m'kantini anali a mbiri yakale, moti achemwali anatsala pang'ono kusiyamo dzino.

M'mbali mwa msewu munali mitengo ya malalanje yobereka mpaka nthambi kuwerama. Alamu anaima, maso gwa.

"Taonani chuma chikungolendewera!"

"Bambo a ana, mtengo wa pamsewu wodzaza chonchi, ana akudutsa osauyang'ana n'komwe, simukudabwa?"

"Ana a pano sadziwa zabwino. Uwu ndi mtundu wapamwamba umene amatumiza kunja."

Anathyola limodzi, kusenda ndi chikhadabo, n'kuponya theka lonse m'kamwa. Inu, tamverani. Nkhope ya alamu inakwinyika ngati chikwama chokoka ndi chingwe. Diso limodzi linatsinzina lokha, lina likutulutsa misozi. Paja anali malalanje ongokongoletsa msewu, owawasa kuposa mandimu ndi mankhwala a malungo mutaziphatikiza.

"Likukoma?" anafunsa achemwali mwachifundo chonamizira.

"Kwambiri," anatero alamu ndi mawu a mwana wa mbuzi.

"Malizani tsono, musataye mtundu wapamwamba."

Munthu wamkulu analimaliza. Pofika kumapeto kwa msewu mano anali atayayamira, lilime lili dzanzi ngati mwendo wougonera.

Kumapetoko kunali shedi yakale yolongedzeramo malalanje, imene anaisandutsa nyumba yosungiramo zinthu zakale. Anawalandira mayi wina woonetsa alendo malo, wolankhula ngati wailesi yosowa wozimitsa. Anawaonetsa mabokosi akale, sikelo yakale, lumo lakale, kenako n'kuwatulutsira kuseri kumene kunali mtengo wa malalanje wokalamba, wochirikizidwa ndi mapolo, wozunguliridwa ndi tcheni.

"Uwu ndi mtengo woyamba m'chigwa chonse chino," anatero mayiyo atagwira pamtima. "Woyambitsa tauni yathu anabwera ndi njere yake m'chipewa, atawoloka mitsinje isanu ndi iwiri."

"Pa chikwangwani apa akuti inali m'thumba la jekete," anatero achemwali.

"Ankasinthasintha, amayi. Unali ulendo wautali."

Kunja kunalira hutala ya basi yaikulu. Mayi uja anathamangira komweko, akukuwa chobwerera kuti asadumphe tcheni.

Mayiyo asanakhote n'komwe, alamu anali atadumpha tcheni. Anapereka kamera kwa achemwali n'kuloza makwerero akale amene anatsamira pa mtengo. Ankafuna chithunzi chokakhomera pabalaza, choti aliyense wa m'dera lathu akachiona azidzimvera chisoni. Anakwera, n'kutambasula dzanja ngati akuthyola, chibwano m'mwamba.

Chimene sanawerenge n'chakuti mtengo woyambawo unali ndi eni ake: nyerere zofiira, zimenenso zinali ndi mbiri yakale. Zinalowera m'masokosi, n'kukwera ulendo wa kumtunda mopanda kufunsa njira. Alamu anaponya mwendo uku, kuponya wina uko, kabudula uja n'kuti ng'aa! kuyambira kutsogolo mpaka kumsana. Makwerero nawo anati awa si anga, n'kuthyoka. Munthu anakagwera m'dzenje lotayamo malalanje owola, phwata!

"Ndijambule panopa kapena mudzuke kaye?" anafunsa achemwali.

Pa geti panamveka mawu a gulu la anthu. Alamu anakwawa, dzanja limodzi kumbuyo, n'kulowa m'kachipinda kena ka malata kuseri kwa shedi. Anavula zonse n'kuzipereka pa zenera kuti achemwali akazitsukuluze pa mpope. Poyang'anayang'ana anaona pa msomali ovololo yothetheka, chipewa cha udzu ndi ndodo. Anavala. Maganizo awo anali oti azembe chakuseri akadikire pa siteshoni.

Anatsegula chitseko pang'onopang'ono, n'kutulukira pakati penipeni pa alendo akunja odzaza basi, aliyense kamera ili m'manja.

Mayi woonetsa malo uja anayang'ana ovololo, kuyang'ana nkhope, kuyang'ananso ovololo. Kenako anatembenukira kwa alendo.

"Ndipo awa," analengeza, "ndi mdzukulu weniweni wa woyambitsa tauni yathu!"

Alamu anafuna kukana kuti ayi, ine ndine mlendo ngati inu nomwe. Koma lilime lija linali lisanadzuke. Chimene chinatuluka chinali "Alyi, ile ndile..."

"Akukupatsani moni m'chilankhulo chakale cha alimi a malalanje," anamasulira mayiyo. "Otsala amene amachidziwa ndi ochepa."

Alendo anati aaa! Makamera anayamba kulira. Gogo wina wa tsitsi lambuu anawagwira dzanja maso ali ndi misozi. Wina anawanunkhiza n'kunena kuti fungo la malalanje lawalowerera m'thupi chifukwa cha mibadwo. Ndiye mumvetse, abale: alamu anga moyo wawo wonse akhala akufuna anthu owamvetsera. Kunyumba akayamba kulankhula, ngakhale galu amanyamuka. Apa panali gulu lonse, duu, likudikira mawu awo. Manyazi anatha. Lilime linadzuka. Anatsamira ndodo ija n'kuyamba: mmene agogo awo ankathirira mtengowo ndi madzi a m'manja, mmene anabayira kambuku pansi pake, mmene pomwalira anawaitanira iwo okha pa zidzukulu zonse.

Ali pakati pa maliro a agogowo, kumbuyo kunamveka mawu.

"Ovololo yanga!"

Anali mdala wina wowonda, wovala vesiti, sopo ali kukhutu. Ndiye mwini wake wa ovololo ndi udindo womwe. Anali atapita kukasamba asanayambe ntchito.

"Mdzukulu pano ndine! Iwe ndiwe yani?"

Munthu wanzeru akanapepesa. Alamu anayang'ana maso onse aja akuwayang'ana mwachikondi, n'kukweza chibwano.

"Ndine wa kubanja lalikulu."

Eee! Mdala anagwira ndodo kunsonga, alamu kuchigwiriro. Anakokana kuzungulira mtengo woyamba, chipewa chikugubuduka, uyu akuti wakuba, uyo akuti sunawaone n'komwe agogo. Mayi uja sanagwedezeke.

"Muli ndi mwayi lero," anauza alendo. "Uwu ndi mkangano wakale wa malire a munda pakati pa mabanja awiri. Timauonetsa mwa apo ndi apo."

Alendo anawomba m'manja mpaka anakwera basi akuwombabe.

Fumbi litatsika, achemwali anapezeka atakhala pa bokosi lakale, kabudula wonyowa ali pamwendo, akuseka mpaka mawu kutha. Ankati akayang'ana amuna awo m'ovololo, n'kuyambiranso.

"Bambo a ana," anatero akupukuta misozi, "chikwatiranireni sindinasangalaleko chonchi. Mwezi wamawa munditengere kumene amalima nanazi."

Amuna awiri aja, mpweya utawathera, anakhala pa benchi imodzi. Mdala anali munthu wabwino mtima ndithu. Anatulutsa singano ndi ulusi n'kuyamba kusoka kabudula uja, kwinaku akuyamikira nkhani ya kambuku, n'kupempha ngati angamaigwiritseko ntchito. Alamu analola monyadira. Kenako anatsitsa mawu.

"Koma achimwene, pepani kuti ndinalowerera za m'banja mwanu. Agogo anuwo munawaonadi ndi maso?"

Mdala analuma ulusi n'kulavula.

"Agogo ake ati? Ine kwathu n'kutali, kulibe ndi lalanje lomwe. Ndinabwera kuno ndili ndi tsitsi lakuda, kudzangoona malo ngati inuyo. Ndinakwera makwerero aja kuti andijambule." Analoza kachipinda ka malata. "Ovololoyi ndinaipeza pa msomali womwewo."

Alamu anayang'ana mdala, kuyang'ana vesiti yobookabooka ija, kuyang'ana mayi woonetsa malo amene ankabwera akumwetulira, m'manja muli chipewa chachiwiri cha udzu. Inu, kabudula wonyowa, wosoka theka, singano ikulendewera, munthu wamkulu anamuvala ali chothamanga!